GALIMOTO YA MATHANKI AWIRI: KAMUVI KAKANAMA KAPENA PAMPU IKAKANA

Mvula ikakata ndipo thonje likayamba kuyera m'minda, miseu ya m'Boma la Mambwe imadzuka. Kuyambira mwezi wa May kufikira October magalimoto amalowa m'maiko a mafumu onse asanu ndi mmodzi a Akunda, ndiwo Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Mnkhanya, Malama ndi Msoro, kukatenga thonje, cimanga, mpunga ndi nshawa. Ena amanyamula odwala kunka nao ku cipatala ca Kamoto, ndipo ena amabweretsa feteleza ndi mbeu mvula isanatseke njira. Pakati pa magalimoto amenewa pali ambiri okhala ndi mathanki awiri a mafuta. Cifukwa cace ncodziwika. Kucokera ku Chipata kufika ku Mfuwe pali makilomita oposa 120, ndipo munthu akapatuka pa mseu waukuru wa tala sapeza malo omwetsera mafuta msanga.

Thanki yaciwiri ndi bwenzi labwino, koma imadza ndi mabvuto ace. Galimoto imatha kuzima kamuvi ka geji kali kuonetsa kuti mafuta alimo. Tsiku lina kamuvi kamagona pansi thanki iri yodzala. Zoterezi zikacitika pa mseu wakale wa ku Petauke, wodzera kwa mfumu Malama, dzuwa la October liri paliwombo, kapena usiku pamene njobvu ziri kuyenda, si nkhani yoseketsa iai. Katundu amacedwa ku msika, wodwala amazunzika pa njira, ndipo kawirikawiri pamabuka ndeu pakati pa mwini galimoto, woyendetsa ndi alimi amene anasonkha ndalama za mafuta.

Pa zonsezi pali cinthu cimodzi coyenera kumvetsa bwino. Geji ndi mthenga cabe. Nchito yace ndiyo kunena za mafuta. Pampu ndi valavu ndiwo amtengatenga. Nchito yao ndiyo kusenza mafutawo. Mthenga akhoza kunama amtengatenga ali bwino, ndipo amtengatenga akhoza kulefuka mthenga ali kunena zoona. Woyendetsa wanzeru amayamba wazindikira kuti wolakwa ndani asanagule citsulo catsopano.

NJIRA ZITATU ZOLUMIKIZIRA MATHANKI

Mathanki awiri ali ngati nkhokwe ziwiri za banja limodzi, koma katapidwe kace kamasiyana. Woyendetsa aliyense ayenera kudziwa mtundu wa galimoto yace, pakuti mankhwala a mtundu wina sacita pa mtundu unzace.

Njira yoyamba ndi yosinthira. Injini imamwa mu thanki iriyonse imene woyendetsa wasankha. Magalimoto akale a Land Rover a asilikali anali ndi mathanki awiri kunsi kwa mipando, ndi kampopi kotembenuza ndi dzanja. Magalimoto ena a Toyota Land Cruiser a mtundu wa 70, umene unayamba kupangidwa m'caka ca 1984, ali ndi mathanki awiri a malita 90 iriyonse. Woyendetsa akadina swici, mavalavu a magetsi amatseka njira ya thanki ina ndi kutsegula ya inzace.

Njira yaciwiri ndi ya pampu yosamutsa. Injini imamwa mu thanki yaikuru yokha, ndipo thanki yaciwiri ndi yosungira cabe. Kapampu ka magetsi kamakoka mafuta m'yosungira ndi kuwathira m'yaikuru. Mathanki ambiri oonjezera amene amamangidwa m'magaraja ali a mtundu uwu.

Njira yacitatu ndi ya malole akuru, okhala ndi thanki ku dzanja lamanja ndi ina ku lamanzere. Pa ambiri a iwo paipi imodzi imalumikiza mathanki awiriwo kunsi, ndipo mafuta amadzilinganiza okha monga madzi acita m'zithaphwi ziwiri zokumbidwa ngalande pakati.

Magalimoto ena atsopano, monga Prado, amasamutsa mafuta okha popanda swici. Amenewo akabvuta afunika makaniko wodziwa nchito yace.

M'MENE GEJI IGWIRIRA NCHITO

Kamuvi kooneka kutsogolo kwa woyendetsa sikaona mafuta. M'kati mwa thanki muli kanthu koyandama, kamene amakaniko akacha fuloti, komangirira ku kamkono ka citsulo. Mafuta akakwera fuloti imakwera, akatsika imatsikanso. Kamkonoko kamakhula pa kanjira ka waya wosalala, ndipo kukhulako kumacepetsa kapena kucurukitsa magetsi opita ku geji. Magetsiwo amayenda pa waya mmodzi, nabwerera kudzera m'citsulo ca galimoto, njira imene amakaniko aicha earth.

Motero mthenga uyu ali ndi ziwalo zinai: fuloti ndi kamkono kace, waya, earth, ndi geji yeniyeniyo. Pa galimoto ya mathanki awiri thanki iriyonse iri ndi fuloti yace. Pa magalimoto ena thanki iriyonse irinso ndi geji yace, koma pa ena geji ndi imodzi, yotsata swici. Kamuvi kanapangidwa koyenda mwacifatse kuti kasamagwedezeke pa mabampu, cotero atadina swici woyendetsa adikire mphindi imodzi kapena ziwiri asananene kuti geji yafa.

COYAMBA NDICO KUDZIWA MAFUTA ENIENI

Munthu sangatsutse mthenga asanapite yekha kukaona nkhokwe. Pa lole imene thanki yace iri pambali ndi kamwa loongoka, ndodo yoyera youma ndiyo mboni yosanama. Ndodoyo ikonzedwe tsiku limene thanki iri yopanda kanthu: pothira cigubu ciriconse ca malita 20, ndodo imizidwe kufika pansi ndi kusemedwa cizindikiro pamene mafuta alekeza. Galimoto ikhale itaima pamalo osapendekeka. Thanki iriyonse ikhale ndi ndodo yace ngati mathankiwo ali osiyana kukula.

Pa magalimoto ang'ono khosi la thanki ndi lokhota, ndipo ndodo singafike pansi. Pamenepo mboni ndi buku. Woyendetsa adzaze thanki, alembe makilomita amene galimoto iri kuonetsa, ndipo podzazanso alembe malita amene alowa. Akacita cotero katatu kapena kanai adzadziwa kamwedwe ka galimoto yace. Mwa citsanzo, galimoto yomwa malita 15 pa makilomita 100 ikhoza kuyenda makilomita 600 ndi thanki ya malita 90, ndipo ulendo wa makilomita 250 udzatenga malita pafupifupi 38. Pa mcenga, pa matope ndi pa katundu wolemera injini imamwa koposa, cotero bukulo linenenso mtundu wa njira.

Buku likati thanki iri pakati koma kamuvi kati mulibe, wolakwa ndi mthenga. Buku ndi kamuvi zikabvomerezana kuti mafuta alimo koma injini iri kuzima, wolakwa ali pa njira ya mafuta.

KUPIMA GEJI

Pa galimoto ya geji imodzi yotsata swici pali njira yapafupi. Ngati geji inena zoona pa thanki imodzi ndi kunama pa inzace, gejiyo iribe mlandu. Bvuto liri pa fuloti, pa waya kapena pa swici ya thanki yonamizidwayo. Ngati inama pa mathanki onse awiri, bvuto liri pa fyuzi, pa waya umene onse agwiritsa nchito, kapena pa geji yeniyeniyo. Geji ya kutentha kwa injini ikafa pamodzi ndi ya mafuta, fyuzi ndiyo yoyamba kuonedwa.

Makhalidwe a kamuvi amaloza kumene kuli nthenda, makamaka pa magalimoto a ku Japan amene acuruka ku Malambo.

1. Kamuvi kogona pansi nthawi zonse: waya waduka, earth yacita dzimbiri, kapena fuloti yabooka ndi kumira.

2. Kamuvi kokhala pamwamba nthawi zonse: waya wasupuka ndipo uli kukhudza citsulo, kapena kamkono kakakamira m'mwamba.

3. Kamuvi kobvinabvina pa mseu wa mabampu: polumikiza waya pamasuka, kapena kanjira kokhulidwa ndi kamkono katha.

4. Kamuvi koima malo amodzi, monga pakati, kosafuna kutsika: kanjira kadyeka pamenepo, kapena thanki inagundidwa ndi citsa kapena mwala nipindikira m'kati, ndipo fuloti iri kukodwa.

5. Kamuvi kosuntha pamene nyali zayatsidwa: earth ya ku mageji ndi yofooka.

Kuti atsimikize, makaniko amazula waya wa geji pamwamba pa thanki, kiyi ali wotsegula. Pa magalimoto ambiri a ku Japan kamuvi kamatsika kufika pansi. Akakhudzitsa wayayo ku citsulo coyera ca galimoto kwa kanthawi kocepa, kamuvi kamayamba kukwera. Pa magalimoto ena a ku America ndi ku Ulaya zimacitika mosemphana. Cofunika ndi cakuti kamuvi kayende mbali zonse ziwiri. Kakatero, geji ndi waya ziri bwino, ndipo nthenda iri m'thanki kapena pa earth yace. Kakapanda kusuntha, kutsitsa thanki ndi kutaya nthawi cabe. Wayayo asagwiridwe ku citsulo nthawi yaitali, pakuti geji ingapse, ndipo kupima kumeneku kusacitike pamene pali pfungo la petulo.

Makaniko wokhala ndi kacipangizo kochedwa multimeter akhoza kupima fuloti yeniyeniyo. Pa Toyota zambiri zakale imaonetsa pafupifupi 3 ohms thanki iri yodzala ndi 110 ohms iri yopanda kanthu, ndipo ciwerengero ciyenera kusintha mosadumpha pamene kamkono kali kukwezedwa ndi dzanja.

Kawirikawiri nthenda imapezeka pa earth. Matope a dothi lakuda la ku cigwa amakhala pamwamba pa thanki miyezi yambiri, nasunga cinyezi pamene waya amangidwa. Kupala pamenepo kufikira citsulo ciwale, kumanganso kolimba ndi kupaka girisi kumaciritsa mageji ambiri popanda kugula kanthu.

PAMPU YOSAMUTSA IKAKANA

Pampu zazing'ono zosamutsa mafuta siziri zofulumira. Zambiri zimakoka lita limodzi kapena awiri pa mphindi imodzi, cotero kusamutsa malita 40 kukhoza kutenga theka la ora kapena kuposa. Woyendetsa amene adina swici nkuona kamuvi kosasuntha msanga asafulumire kunena kuti pampu yafa. Cida coyamba copimira ndi khutu. Injini izimitsidwe, kiyi atsegulidwe, swici idinidwe, ndipo munthu achere khutu pafupi ndi thanki yosungira.

Ngati pampu iri cete, kufufuza kutsate njira ya magetsi mwa dongosolo ili.

1. Fyuzi. Ikapsa, ilowedwe m'malo ndi ina ya nambala yomweyo. Kumanga kawaya kapena kapepala konyezimira ka fodya m'malo mwa fyuzi ndiko kuitana moto. Fyuzi yatsopano ikapsanso pomwepo, pali waya wosupuka, kapena pampu yakakamira.

2. Magetsi ofika ku pampu. Babu laling'ono lomangidwa mawaya awiri likwanira: waya wina ku citsulo ca galimoto, wina ku waya wa pampu. Babulo likhale la 12 volts pa galimoto yaing'ono ndi la 24 volts pa lole yaikuru. Likapanda kuyaka, bvuto liri m'mbuyo, pa swici, pa relay kapena pa waya woduka. Zitsa, mabampu ndi makoswe a m'nkhokwe kumene galimoto igona ndiwo adani a mawaya.

3. Earth ya pampu. Babu likayaka koma pampu iri cete, pomangira waya wobwerera papalidwe ndi kumangidwanso.

4. Pampu yeniyeniyo. Magetsi ndi earth zikakhala bwino koma osamveka kanthu, pampu yatha. Kuigogoda pang'ono ndi cigwiriro ca sipanala kukhoza kuidzutsa kuti ulendo wa tsikulo uthe, koma imeneyo yatsazika kale.

Ngati pampu iri kulira koma mafuta sasamuka, kaliridwe kace kamanena zambiri. Kulira kofulumira ndi kopepuka kutanthauza kuti iri kukoka mpweya: thanki yauma, paipi yang'ambika, kapena comangira paipi camasuka. Kulira kolemera ndi kotopa kutanthauza kuti njira yatsekeka: kasefa ka pafupi ndi pampu kadzala zinyalala, kapena paipi yapindika. Cotsimikizira ndi ndowa. Paipi yoturutsa izulidwe, iloze m'ndowa yoyera, ndipo pampu iyende mphindi imodzi. Mafuta oturuka bwino aonetsa kuti cotseka ciri kutsogolo, pa njira yonka ku thanki yaikuru. Mafuta odontha, kapena oturuka ndi thobvu, aonetsa kuti bvuto liri kumbuyo kwa pampu.

Pali msampha umodzi umene wadyetsa anthu ndalama zambiri. Pa magalimoto ena pampu imamvera fuloti. Fuloti ya thanki yaikuru ikati kwadzala, kapena ya thanki yosungira ikati mulibe kanthu, magetsi a pampu amadulidwa. Motero fuloti yonama imaimitsa pampu yabwino, ndipo mwini galimoto akagula pampu yatsopano nayonso imakhala cete. Ici ndico cifukwa cace geji iyenera kupimidwa poyamba, pampu pambuyo.

Pampu yopanda cozimitsa cokha ifuna munthu wokumbukira. Ikaiwalika thanki yaikuru itadzala, mafuta amasefukira pa mseu. Ikaiwalika thanki yosungira itauma, pampu imatentha ndi kupsa, pakuti mafuta omwewo ndiwo amaiziziritsa. Nthawi yabwino yosamutsa ndi pamene thanki yaikuru yatsika kupitirira pakati, isanafike pansi. Pamenepo pampu ikakana, m'thanki muli mafuta okafika nao pa mudzi.

MAFUTA OBWERERA KU THANKI YOLAKWIKA

Injini ya dizilo simaotcha mafuta onse amene ikoka. Otsala amabwerera ku thanki pa paipi yaciwiri. Pa galimoto yosinthira, tsono, swici iyenera kusintha njira ziwiri pamodzi, yopita ndi yobwerera. Valavu ya njira yobwerera ikakakamira, injini imamwa mu thanki ina ndi kulavulira m'inzace.

Zizindikiro zace ndi izi: thanki yogwiritsidwa nchito imatha msanga modabwitsa, ndipo imene iri kupuma imakwera yokha, mwina kufikira kutayikira pa citsekero. Kamuvi pamenepa sikanama konse. Mwini galimoto wosadziwa zimenezi akaona thanki yatha pa ulendo waufupi amayamba kuloza cala woyendetsa kapena mnyamata womthandiza, pamene mafutawo ali m'thanki yaciwiri. Asananene za kuba, ayambe wapima mathanki onse awiri ndi kuwerengera pamodzi.

Valavu yabwino imamveka kugogoda kamodzi swici ikadinidwa. Ikakhala cete, fyuzi, waya ndi earth ziyesedwe ndi babu monga pa pampu. Mavalavu amakakamira cifukwa ca kukhala osagwira nchito, cotero ndi bwino kumwetsa injini mu thanki iriyonse kamodzi pa sabata. Kusintha kucitike thanki isanaume, ndipo kusacitike pa citunda cokwera ku Chipata kapena pakati pa mtsinje.

Pa lole ya paipi yolinganiza, thanki ina ikauma inzace iri yodzala, paipiyo yatsekeka, yaphwanyika, kapena kampopi kace kanatsekedwa nikaiwalika. Lole yogona mopendekeka imatsanulira mafuta ku thanki ya kumunsi, ndipo m'mawa geji imanena zodabwitsa. Popeza paipiyo iri pansi, citsa cikhoza kuidula ndi kutaya mafuta a mathanki onse awiri. Woyendetsa adziwiretu pamene pali timipopi totsekera.

KUPUMA KWA THANKI, MADZI NDI ZINYALALA

Cigubu cotseka kolimba sicitsanulika bwino popanda polowera mpweya. Thanki nayonso iri ndi kapaipi kopumira, kapena kabowo pa citsekero. Pfumbi, matope, ndi tizirombo tomanga nyumba za dothi zimatseka kanjira kameneka. Pamenepo galimoto imanyamuka bwino, koma itayenda mtunda imafooka ndi kuzima, ndipo pampu yosamutsa imalira mwacabe. Potsegula citsekero pamamveka mpweya uli kulowa mwamphamvu, ndipo galimoto imalira ngati kuti sipanacitike kanthu. Mankhwala ace ndi kuzula kapaipiko ndi kukatsuka. Kamwa lace limangidwe m'mwamba, pakuti thanki yotentha ikalowa m'madzi ozizira pa madooko a Lupande kapena Lutembwe ikhoza kuyamwa madzi.

Madzi ndi olemera kuposa dizilo, cotero amakhala pansi, pamene paipi ikokera. Ena amacokera ku mame a m'kati mwa thanki yosadzala usiku kukazizira. Ena amadza ndi mafuta a m'madiramu ndi m'zigubu. Diramu loimirira pa mvula limasunga madzi pamwamba, ndipo madziwo amalowa pa citsekero. Ligonekedwe cam'mbali pa mthunzi. Diramu longofika lisiyidwe tsiku lathunthu kuti zinyalala zidikhe, ndipo potunga paipi isafike pansi penipeni. Mafuta athiridwe kudzera m'fanulo ya sefa kapena nsaru yoyera yosathothoka.

Pamene madzi akomana ndi dizilo pamamera tizirombo tosaoneka ndi maso, timene timapanga zonanda zakuda zoterera. Thanki yosungira imene ikhala miyezi osakhudzidwa ndiyo munda wace. Zonandazo zimatseka sefa, zimamata fuloti ndi kupha pampu. Pansi pa sefa ya dizilo pali kampopi kokhetsera madzi. Katsegulidwe kawirikawiri m'nyengo ya dzinja, ndiponso nthawi iriyonse nyali yace ikayaka. Kusakaniza palafini ndi dizilo pofuna kupulumutsa ndalama kumadya pampu yaikuru ya injini, imene mtengo wace uposa wa mafuta opulumutsidwawo kutali.

INJINI IKAMWA MPWEYA

Thanki ikauma injini iri kuyenda, mpweya umalowa m'mapaipi, ndipo ngakhale woyendetsa asinthire ku thanki yodzala injini ya dizilo siilira msanga. Kuliza sitata kosalekeza kumangotha batire, ndipo ku chire kulibe wokankha lole yodzala thonje. Pamwamba pa sefa ya magalimoto ambiri pali kapampu ka dzanja. Swici ikhale pa thanki ya mafuta, kapampuko kadinidwe kufikira kalimbe, ndipo pamenepo sitata iyesedwe kwa masekondi 10 kapena 15, ndi kupumula pakati. Pa injini zakale makaniko akhoza kumasula pang'ono mapaipi a citsulo opita ku mainjekita kuti mpweya uturuke. Pa injini zatsopano zochedwa common rail izi nzoletsedwa, pakuti mafuta a m'menemo ali ndi mphamvu yoboola khungu la munthu.

KUCENJERA NDI MOTO

Pogwira nchito pa thanki pasakhale fodya, macesi, koloboi kapena mbaula. Nyali ya toci ndiyo yoyenera. Waya wa batire wonka ku citsulo ca galimoto uzulidwe fuloti isanaturutsidwe. Thanki yodontha isaotcheredwe pa mudzi, ngakhale itatsukidwa, pakuti nthunzi yotsalira imaphulika; yopanda kanthu ndiyo yoopsa koposa. Kukoka mafuta ndi pakamwa kwadwalitsa anthu cibayo, popeza dontho lolowa m'mapapo limaononga. Thanki ya malita 90 a dizilo iri ndi mafuta olemera pafupifupi makilogramu 75, ndiko kuti thumba limodzi la cimanga ndi theka, cotero ikhuthulidwe isanamasulidwe, ndipo galimoto icirikizidwe ndi zipika zolimba munthu asanalowe kunsi. Ana asasewere pamene mafuta ali m'ndowa.

MAU KWA ENI MAGALIMOTO NDI ALIMI OBWEREKA

Alimi ambiri alibe galimoto yao, koma nkhaniyi iwakhudza, pakuti ndiwo alipira ulendo. Gulu la alimi kapena kopaletivu ikabwereka galimoto ndi pangano lakuti igule mafuta, mathanki onse awiri apimidwe pamaso pa mlembi wa gulu ulendo usanayambe, makilomita alembedwe, ndipo pobwera acite comweco. Buku lotere limachinjiriza woyendetsa wokhulupirika ku mabodza, ndipo limaulula wosakhulupirika popanda ndeu.

Woyendetsa asanyamuke kunka ku njira zakutali popanda mafyuzi a nambala zoyenera, babu lopimira, paipi ya mafuta yotalika mita imodzi ndi zomangira zace, sefa yatsopano, fanulo, ndi cigubu ca malita 20. Ndi paipi ndi cigubu mafuta akhoza kukhetsedwa ku thanki yosungira ndi kuthiridwa m'yaikuru ndi manja, ngakhale pampu itaferatu. Swici ndi pampu ziyesedwe pakhomo m'mawa, pamene thandizo liri pafupi. Nchito yaikuru yotsuka mathanki ndi kukonza mawaya icitike m'miyezi ya September ndi October, mvula ya November isanagwe.

Dongosolo lonse ndi lalifupi: poyamba kudziwa mafuta enieni, kenaka kupima geji, pambuyo pace pampu kapena valavu, ndipo potsiriza kapaipi kopumira ndi sefa. Zambiri mwa nthenda zimenezi zimapezeka pa fyuzi, pa waya wa dzimbiri ndi pa kasefa kotsekeka, zinthu za mtengo wocepa. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Woyendetsa wofufuza modekha, cimodzi cimodzi, adzafikitsa thonje ku msika ndi wodwala ku cipatala, ndipo ndalama za banja zidzatsala m'thumba.